Dzimbiri m'Mijigo ndi m'Mapaipi

Dzimbiri limabwera pamene chitsulo chakhala nthawi yaitali pa madzi ndi mpweya, ndipo ngakhale ambiri amaliyesa litsiro lomata pamwamba, kwenikweni ndi chitsulo chomwecho chimene chadyeka ndi kusanduka fumbi lofiira lopanda mphamvu. Mlimi wa fodya wa ku Lisasadzi amalidziwa bwino, popeza amaona mmene mapaipi a m'balani amabookera akagona pa chinyezi dzinja lonse, komanso mmene wilibala yonyamulira feteleza imathera msanga ikapanda kutsukidwa. Mchere, monga uja wa mu feteleza, pamodzi ndi asidi, ndizo zimafulumizitsa dzimbiri.

Zomwezi zimachitika pansi pa mjigo, kumene maso safika. Mijigo yambiri m'Malawi ndi ya mtundu wa Afridev, umene unachokera ku mjigo wa Maldev womwe unayesedwa m'dziko muno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Mapaipi ake okwezera madzi ndi apulasitiki ndipo sachita dzimbiri, koma marodi, ndodo zazitali zija zimene zimalumikiza chogwirira ndi pampu ya pansi, ndi achitsulo. Ena amakutidwa ndi zinki, chitsulo chotuwa chimene chimakutanso malata, pamene ena ndi a chitsulo chosachita dzimbiri chotchedwa stainless. Akatswiri amayesa asidi wa m'madzi ndi muyeso wotchedwa pH, ndipo pH ya madzi ikatsika pansi pa 6.5 zinki imasungunuka msanga, chitsulo n'kutsala pamtunda.

Komiti ya mjigo ingathe kulondoloza dzimbiri popanda makina alionse, bola ikhale ndi ndowa yoyera ndi munthu wolawirira. Madzi oyamba a m'mamawa, amene agona usiku wonse m'mapaipi, atungidwe mu ndowayo wina aliyense asanapope. Ngati atuluka ofiira kapena ali ndi tizidutswa pansi, koma n'kuyamba kuyera anthu akatunga ndowa zingapo, ndiye kuti kufiirako kukuchokera ku marodi. Koma ngati atuluka oyera n'kufiira atakhala kanthawi, ndipo sasintha ngakhale masana mjigo utapopedwa kwa maola ambiri, ndiye kuti chitsulo chofiiritsa madziwo chili m'nthaka momwemo, ndipo kugula marodi atsopano sikungathandize. Kusiyanitsa ziwirizi n'kofunika kwambiri, chifukwa ndalama za msonkhamsonkha zimapezeka movutikira, makamaka miyezi imene fodya sanalowe pa msika, ndipo siziyenera kuthera pa matenda olakwika. Mlembi wa komiti alembe zimene zaoneka m'kope mwezi uliwonse, kuti makaniki wa m'dera kapena mlangizi wa zamadzi akabwera apeze poyambira.

Madzi a dzimbiri amadetsa tiyi, amathimbiritsa zovala ndi nsima, ndipo amamveka chitsulo m'kamwa. Paokha savulaza thupi kwenikweni, koma amathamangitsa anthu pa mjigo n'kuwabwezera ku zitsime za m'dambo ndi ku mtsinje wa Lisasadzi, kumene madzi ooneka abwino angakhale ndi tizilombo ta kolera, matenda amene anapha anthu ambiri m'dziko muno mu 2022 ndi 2023.

Pogula marodi, kutchipa kumapusitsa. Maginito amakakamira mwamphamvu pa rodi ya zinki, koma pa ya stainless yabwino kawirikawiri sagwira kapena amangogwira pang'ono, choncho wotumidwa ku sitolo ku Kasungu achita bwino kutenga maginito m'thumba, ngakhale a mu sipika ya wailesi yakufa. Mitundu iwiriyi isasakanizidwe pa mjigo umodzi, chifukwa zitsulo zosiyana zikakhudzana m'madzi pamayenda kamphamvu ka magetsi kamene kamadya chofookacho mofulumira.

Makampani a madzi ndi mafuta amalimbana ndi mdani yemweyu. Bungwe la Central Region Water Board, limene limapereka madzi m'tauni ya Kasungu, lili ndi mapaipi ndi matanki ofunika kuwayang'anira, ndipo paipi ya mafuta ya TAZAMA, yochokera ku Dar es Salaam mpaka ku Ndola, mtunda wa makilomita 1,710, yakhala ikugwira ntchito kuyambira 1968. Mapaipi otere amakutidwa ndi phula kapena pulasitiki, ndipo ena amalumikizidwa ku chitsulo chofooka chokwiriridwa pambali, monga zinki, kuti chidyeke ndicho m'malo mwa paipi, kapena amapatsidwa magetsi ochepa oletsa dzimbiri. Amisiri amayendera mapaipiwo ndi zipangizo zoyesera makulidwe a chitsulo chimene chatsala.

Pamudzi, ntchito yofanana nayo ndi kutulutsa marodi onse chaka chisanathe, kuwayala pa thabwa loyera ndi kuyang'ana polumikizira, pamene amayambira kuonda. Rodi yoonda isinthidwe tsiku lomwelo, chifukwa ikadukira pansi kuivuula kumadya ndalama zambiri kuposa mtengo wake.