Chigayo, fomula ndi malikisi a mwana wa eni

Tonsefe amene tikuphunzira uphunzitsi tikuidziwa ntchito imene imadikira mphunzitsi teremu ikamatha: kuwonkhetsa malikisi, kupereka magiredi ndi kulemba malipoti. Masiku ano ambiri amachitira zimenezi pa Excel kapena pa pulogalamu ina yofanana nayo. Mphunzitsi akalemba fomula m'kabokosi ka Excel amakhala akulemba pulogalamu ya kompyuta, ndipo njira imene akutsatayo akatswiri amaitcha functional programming. M'phunziro lino tiona mmene njirayi imagwirira ntchito, mmene zida zake zimasinthira, komanso mmene kusinthako kungalakwitsire giredi ya mwana amene sadziwa n'komwe kuti fomula n'chiyani.

Function n'chiyani?

Tinakumana nayo kale function m'masamu a kusekondale pamene tinkalemba f(x) = 2x + 3. Mukaika 5 mumapeza 13. Mukabweranso mawa n'kuika 5, mupezanso 13. Function siyang'ana nkhope, sikumbukira za dzulo, ndipo yankho lake limadalira chimene mwaipatsa basi.

Taganizirani za chigayo cha ku Chinamwali kapena ku Matawale. Chimanga chimalowa m'makina okonola n'kutuluka mphale. Mphaleyo ikanyikidwa ndi kuyanikidwa imalowa m'makina ogaya n'kutuluka ufa woyera. Makina alionse ali ndi ntchito imodzi, ndipo chotuluka m'makina oyamba ndicho cholowa m'achiwiri. Umu ndi mmenenso pulogalamu za mtundu umenewu zimalembedwera: timafunction ting'onoting'ono tolumikizana. Kusiyana kwake n'kumodzi. Chigayo chimadya chimanga, pomwe function imasiya nambala zoyamba zili momwemo, choncho mutha kubwerera kukaona pamene yankho lachokera.

Tiyerekeze kuti pasukulu agwirizana kuti ntchito za m'kati mwa teremu zikhale ndi gawo la 40 pa 100, mayeso omaliza 60 pa 100. Malikisi oyamba ali mu B2, achiwiri mu C2. Mu D2 tilemba =0.4*B2+0.6*C2. Mu E2 tilemba fomula yotenga D2 n'kutulutsa giredi. D2 ndi makina okonola, E2 ndi makina ogaya. Mukasintha B2, zonse za kutsogolo zimasintha zokha.

Kumene njirayi inachokera

Maziko ake anaikidwa kusanabwere makompyuta amene tikuwadziwa lero. M'zaka za m'ma 1930, katswiri wa masamu wa ku America, Alonzo Church, anakonza njira yofotokozera kuwerengera konse pogwiritsa ntchito ma function okhaokha, ndipo anaitcha lambda calculus. Pamaziko amenewa panamangidwa zinenero zolembera pulogalamu. Erlang inayambira ku kampani ya Ericsson ya ku Sweden mu 1986, ndipo ndi imene WhatsApp inasankha pomanga makina ake otumizira mauthenga. Haskell inatuluka mu 1990, yokonzedwa ndi komiti ya akatswiri a m'mayiko osiyanasiyana, ndipo malamulo ake analembedwanso mwatsopano m'mabuku otchedwa Haskell 98 ndi Haskell 2010.

Mmodzi mwa amene anakonza Haskell ndi Simon Peyton Jones. Iye anagwira ntchito zaka zambiri ku Microsoft Research ku Cambridge, kumene anali m'gulu la ofufuza mmene mafomula a Excel angakhalire chinenero chokwanira. Anatsogoleranso gulu la Computing At School, limene linathandiza kuti maphunziro a kompyuta alowe m'sukulu za ku England. Mu Disembala 2020 Microsoft inalengeza function yatsopano ya mu Excel yotchedwa LAMBDA, dzina lochokera ku ntchito ya Church ija. Ndi LAMBDA, mphunzitsi atha kudzipangira function yake, kuipatsa dzina monga GIREDI, n'kumangolemba =GIREDI(D2) paliponse.

Laibulale ndi mavuto a kusintha

Palibe wolemba pulogalamu amene amayamba zonse payekha. Amagwiritsa ntchito laibulale, ndiye kuti mulu wa ma function amene ena analemba kale. Zili ngati madzi a m'damu la Mulunguzi paphiri la Zomba: okhala m'tauni amangotsegula mpopi, sakumba chitsime. SUM, AVERAGE, ROUND ndi VLOOKUP ndi mbali ya laibulale ya Excel. Olemba Haskell ali ndi nkhokwe yawo pa intaneti yotchedwa Hackage, mmene muli malaibulale masauzande ambiri operekedwa ulere.

Koma malaibulale amasintha. Mwini wake akakonza china, pulogalamu imene inkadalira kalembedwe kakale imatha kukana kugwira ntchito. Gulu la Haskell linapeza njira zothana ndi zimenezi. Laibulale iliyonse imatuluka ndi nambala yosonyeza mtundu wake. Wolemba pulogalamu amalemba m'fayilo yapadera mitundu ya malaibulale imene pulogalamu yake imagwirizana nayo, ndipo chida chotchedwa Cabal chimawerenga fayiloyo. Palinso Stackage, imene imasonkhanitsa malaibulale oyesedwa kale kuti amayendera limodzi. Mfundo yake ndi yakuti osangodalira kuti zikuyenda pa kompyuta yako; uzidziwa zimene ntchito yako yatsamira, ndipo uzilembe.

Vuto lomweli lili pakhomo pathu. XLOOKUP ndi LET zimapezeka mu Excel 2021 ndi mu Microsoft 365, koma mu Excel 2016 ndi 2019 mulibe. LAMBDA mulibe ngakhale mu Excel 2021. LibreOffice, pulogalamu yaulere, inalandira XLOOKUP ndi LET mu 2024. Tsono tiyerekeze kuti tatumizidwa kukayeserera kuphunzitsa pasukulu ina kufupi ndi Domasi kapena Thondwe. Takonza pepala la malikisi pa laputopu yatsopano, taika pa flash, tapereka ku ofesi. Kompyuta ya kuofesi ili ndi Excel yakale. Fomula ikangowerengedwanso, m'mabokosi a magiredi mumatuluka mawu akuti #NAME?, kutanthauza kuti pulogalamuyo siidziwa function imeneyo. Malipoti akufunika mawa, ndiye wina amafufuta mafomula n'kulemba magiredi pamanja mothamanga. Apa ndi pamene 3 amasanduka 8.

Choncho tisanalembe fomula tiyambe tafunsa kuti pepalalo likatsegulidwa pa kompyuta iti. Ngati ndi yakale, tigwiritse ntchito IF, ROUND ndi VLOOKUP, zimene zimayenda paliponse. Pa tsamba loyamba tilembepo pulogalamu imene tagwiritsa ntchito, tsiku, ndi malire a magiredi amene sukulu inavomereza. Chatsopano si choipa, koma wobwera pambuyo pathu ayenera kutha kuchitsegula.

Tiziyesa fomula tisanaikhulupirire

Popeza function imapereka yankho lomwelo nthawi zonse, kuiyesa n'kosavuta. Koen Claessen ndi John Hughes a ku Chalmers, ku Sweden, anafalitsa mu 2000 ntchito yawo ya QuickCheck, laibulale ya Haskell imene imadzipangira nambala zambirimbiri n'kumaziponya mu function kuti ione ngati lamulo limene wolemba ananena likusungidwa. Ife tilibe QuickCheck mu Excel, koma maganizo ake tingawatengere. Pamwamba pa mndandanda wa ana tiikepo mizere yoyesera, yokhala ndi malikisi amene yankho lake tikulidziwa kale. Misampha itatu iyi ndiyo imakola aphunzitsi ambiri.

Woyamba ndi wa malire. Tiyerekeze kuti pasukulupo giredi 1 imayambira pa 80. Mwana wapeza 79.6. Kabokosi kakakonzedwa kuti kazionetsa nambala yathunthu, kamaonetsa 80, koma fomula ya giredi imaonabe 79.6 n'kupereka 2. Kholo liona 80 ndi giredi 2 pa lipoti limodzi. Sukulu igwirizane chochita, ndipo ngati yasankha kukweza, fomula ikhale ndi ROUND(D2,0).

Wachiwiri ndi wa kabokosi kopanda kanthu. Mwana amene anadwala malungo osalemba mayeso si wofanana ndi amene anapeza 0. Koma fomula ya =0.4*B2+0.6*C2 imatenga kabokosi kopanda kanthu ngati 0, ndipo mwanayo amalandira giredi yolephera. AVERAGE nayo imadumpha mabokosi opanda kanthu koma imawerengera 0, motero kalembedwe kathu kamasintha avereji ya kalasi yonse. Fomula iyambe ndi IF yoona ngati kabokosi kali ndi kanthu, ndipo ngati mulibe ilembe kuti "sanalembe".

Wachitatu ndi wa tebulo la malire. VLOOKUP ikamafufuza giredi mwa kuyandikira, imafuna kuti malire asanjidwe kuyambira pa nambala yaing'ono kupita pa yaikulu. Mukasanja mozondoka, nthawi zambiri siidandaula. Imangopereka giredi yolakwika mwakachetechete.

Muyeso wolungama

Ogulitsa masitiroberi m'mbali mwa msewu wokwera ku Ku Chawe amayeza ndi mbale. Wogula amaiona mbaleyo, ndipo ngati yachepa amanena. Mwana wa sukulu saiona mbale imene tamuyezera. Amangolandira lipoti n'kupita nalo kwa makolo amene anagulitsa fodya kapena nandolo kuti apeze fizi. Ofesi za MANEB zili mu Zomba momwemo, ndipo pa MSCE magiredi amayambira pa 1 mpaka 9. Mwana wa Fomu 4 amadziyeza ndi magiredi amene timampatsa m'kalasi kuti adziwe phunziro lofunika kulimbikira. Giredi yolakwika imagwetsa mphwayi wakhama, kapena kugonetsa tulo amene anafunika kudzuka.

Miyambo 11:1 ndi Levitiko 19:35, 36 amatiphunzitsa kuti Mulungu amasamala za sikelo ndi miyeso imene timayezera anzathu. Sitingabisale kumbuyo kwa mawu akuti "ndi kompyuta yatero". Fomula tinalemba ndife, ndipo kuiyesa ndi udindo wathu monganso kuchonga mapepala.

Ntchito ya sabata ino

1. Konzani pepala la malikisi la ana khumi ongopeka, lokhala ndi gawo la malikisi, gawo lowonkhetsa ndi gawo la giredi. Gawo lililonse lichite ntchito imodzi yokha.

2. Ikani mizere yoyesera: 0, 100, nambala iliyonse ya pamalire, 79.5, ndi kabokosi kopanda kanthu. Lembani kaye pa pepala yankho limene mukuyembekezera musanaone la kompyuta.

3. Sinthanani mafayilo ndi mnzanu amene ali ndi pulogalamu yosiyana ndi yanu. Lembani fomula iliyonse imene yakana, ndipo muilembenso m'njira imene iyende pa makompyuta onse awiri.

4. Kambiranani m'gulu: mukapeza kuti fomula imene sukulu yakhala ikugwiritsa ntchito ili ndi cholakwika ndipo malipoti anaperekedwa kale, mungawauze bwanji aphunzitsi aakulu, nanga makolo auzidwe chiyani?