Musanagule flash ya kamera, yang'anani kaye nambala iyi

Mwezi wathawu mnyamata wina wa Fomu 3 anandipeza mu labu atanyamula kamera ya achimwene ake. Anajambula nayo pa chinkhoswe madzulo, koma zithunzi zinamukhumudwitsa: anthu a kutsogolo oyera mbee, a kumbuyo ali mu mdima, ena maso ofiira psuu. "Aphunzitsi, ndasunga ndalama zogulira flash yapadera ukwati usanafike. Ndigule iti?" Ndinamuuza kuti tiwerengere kaye, asanataye ndalama zake.

Kuwala kukachoka pa flash kumamwazikana. Mtunda ukawirikiza kawiri, kuwala komweko kumagwera pa malo aakulu kanayi, ndiye munthu amalandira gawo limodzi mwa magawo anayi basi. Amene waima pa mamita 6 amalandira gawo limodzi mwa magawo 9 a kuwala kumene akulandira wa pa mamita 2. Mwaona chifukwa chake a kumbuyo anada?

Tsono mphamvu ya flash amaionetsa ndi nambala yotchedwa guide number, mwachidule GN. Imayendera limodzi ndi f-number, nambala yosonyeza kukula kwa bowo la lenzi. Nambalayi ikakula, bowo limachepa. Lamulo lake ndi ili:

mtunda = GN ÷ f-number

Kawirikawiri GN amaiyeza pa ISO 100. Ka flash kobwera ndi kamera zambiri za DSLR kali ndi GN pafupifupi 12. Pa f/4, ndiye kuti 12 ÷ 4 = mamita 3 okha. Canon Speedlite 430EX III-RT ili ndi GN 43, ndipo pa f/4 ingafike pafupifupi mamita 11. Mukakweza ISO kuchoka pa 100 kufika pa 400, mtundawo umawirikiza kawiri.

Koma chenjerani ndi zolembedwa pa bokosi. Ena amalemba GN mu mafiti: 43 ya mamita ndi 141 ya mafiti, flash yake yomweyo. Komanso 43 ija anaiyeza flash itaunjika kuwala pamalo ochepa, pa zoom ya 105mm. Mukaitambasula kuti iwalire gulu lonse, nambalayo imatsika. Poyerekeza ma flash awiri, onetsetsani kuti muyeso, ISO ndi zoom zikufanana.

Chachiwiri, sankhani ya mutu wopindika ndi wotembenuka. Maso amafiira chifukwa flash ya pa kamera ili pafupi kwambiri ndi lenzi: kuwala kumalowa m'diso, kukagunda kumbuyo kwake kumene kuli mitsempha ya magazi, n'kubwerera molunjika mu lenzi. Mukalozetsa mutu ku siling'i yoyera, kuwala kumatsika mofewa kuchokera pamwamba. Kungoti njira yake yatalika ndipo siling'i imamezako kwina, choncho pamafunika GN yokulirapo. Khoma likakhala lobiriwira, nkhope nazo zibiriwira.

Chachitatu, flash igwirizane ndi kamera yanu. Pali njira yotchedwa TTL, pamene flash imaphethira kaye pang'ono kuti kamera iyeze kuwala kofunika. Canon ili ndi E-TTL, Nikon ili ndi i-TTL, ndipo ziwirizi sizimvana. Ma flash ena akale a nthawi ya filimu amatumiza mavoti opitirira 200 pomwe akhudzana ndi kamera, ndipo angathe kuiwononga. Musamangolumikiza chilichonse chimene mwatola pa kaunjika.

Chomaliza, chonde musatsegule flash kuti muone za m'kati. Muli capacitor yosunga mavoti pafupifupi 300, ndipo imatha kukhalabe ndi magetsi ngakhale mwachotsa mabatire.

Mnyamata uja ndinamutuma akayeze holo ya ukwati. Kuchokera pomwe adzaime kufika pa tebulo la akwati ndi mamita 8, ndipo akufuna kujambula pa f/5.6, ISO 100. Inu muwerengere: akufunika GN yosachepera bwanji? Nanga akakweza ISO kufika pa 400? Lembani mayankho m'makope mwanu, ndi njira yonse imene mwadutsa.