PHUNZIRO: WOTULUKA M'NDENDE NDI MATENDA A CHIWINDI A MTUNDU WA C

Kuyendera akaidi ndi imodzi mwa ntchito zachifundo, monga Mateyu 25 akukumbutsira. Koma ntchitoyi imapitirira mkaidi akamasulidwa, makamaka ngati watuluka ndi matenda otupa chiwindi a mtundu wa C.

Matendawa ndi otani?

Amayamba ndi kachirombo komwe kanadziwika mu 1989. Kamafala kudzera m'magazi: pobwerekana jakisoni, lezala, kapena zida zotemera mphini ndi zolembera pakhungu. Kudyera mbale imodzi, kupatsana moni wa pamanja kapena kugona chipinda chimodzi sikufalitsa kachiromboka. Munthu atha kukhala nako zaka zambiri osamva kalikonse, chiwindi chikuwonongeka mpaka kuuma kapena kugwidwa ndi khansa. Bungwe la WHO likuti anthu pafupifupi 50 miliyoni ali ndi matendawa padziko lonse. Katemera wake kulibe, koma mapiritsi a masiku ano, monga sofosbuvir pamodzi ndi daclatasvir, amachiza anthu oposa 95 pa 100 alionse. Ambiri amamwa kwa masabata 12.

Vuto lili pati?

M'ndende matendawa amapezeka kwambiri kuposa kunja. Kuyeza kwake kuli pawiri: koyamba kumasonyeza ngati munthu anakumanapo ndi kachiromboka, kwachiwiri kumatsimikiza ngati kakadalimo m'thupi. Ku United States, ambiri osungidwa m'ndende za m'mizinda amakhalamo masiku kapena masabata ochepa, moti amatuluka asanamve zotsatira kapena asanamalize mankhwala. Akafika kunja amayamba kusaka pogona, chakudya ndi ntchito, za kuchipatala n'kuiwalika. N'chifukwa chake mzinda wa New York uli ndi anthu operekeza odwala: amawakumbutsa tsiku, kuwathandiza mapepala ndi kupita nawo kwa dokotala. Wotuluka pa rimandi ku Maula kapena ku Chichiri amakumananso ndi mavuto a thiransipoti, njala ndi manyazi.

Mphakati ungachite chiyani?

1. Kusankha munthu mmodzi wosunga chinsinsi kuti aziyenda ndi wotulukayo.
2. Kuonetsetsa kuti ali ndi buku lake la kuchipatala ndipo wafika ku chipatala m'masiku oyambirira.
3. Kusonkha ya thiransipoti.
4. Kumulimbikitsa kusiya mowa, chifukwa umafulumizitsa kuwonongeka kwa chiwindi.
5. Kumufotokozera kuti wochira atha kutenganso kachiromboka, choncho lezala ndi mswachi n'zosabwerekana.

Kumusala kumangomuchititsa kubisa matendawa mpaka mimba itatupa ndi maso kuchita chikasu, pomwe chiwindi chimakhala chitawonongeka kale.

Mafunso okambirana mu mphakati

1. Kodi banja la wotuluka m'ndende limalandiridwa bwanji mu mphakati uno?
2. Ndani angadzipereke kuperekeza wodwala mpaka atamaliza mankhwala?