Mungu Sudziwa Malire a Munda

Nthawi yokolola ikafika, alangizi timalandira dandaulo lomweli pafupifupi mudzi uliwonse: munthu anadzala chimanga choyera, koma posenda akupeza njere zachikasu zitalowerera. Ena amati wogulitsa mbewu anawapusitsa, ena mpaka amakayikira anansi awo. Palibe wachita chipongwe, bambo ndi mayi. Umenewo ndi mungu wochokera m'munda wina.

Phesi lililonse la chimanga lili ndi mbali yachimuna ndi yachikazi. Ngayaye ya pamwamba ija ndiyo yachimuna, ndipo imathothola mungu, ufa wachikasu umene umakumatani pamalaya mukadutsa m'munda m'mawa mame atangouma. Ndevu ndizo zachikazi. Kaulusi kalikonse ka ndevu kamakathera pa njere yakeyake, choncho kaulusi kamene sikanagwire mungu, njere yake sikhalapo. N'chifukwa chake chimanga chimene chakumana ndi ng'amba chikumasula chimatuluka ndi magweru ngati m'kamwa mwa mwana wogweluka mano.

Wonyamula mungu wa chimanga ndi mphepo, ndipo njere zambiri zimalandira mungu wa phesi lina, osati la eni ake. Mukamadzala chimanga chapadimba kapena cha kuseri kwa nyumba, musachindandalike mumzere umodzi wautali. Dzalani mizere ingapo yoyandikana kuti mphepo ikaomba mungu ugwere pa chinzake. Komanso musathyole ngayaye zopatsa mbuzi ndevu zisanafote n'kuda.

Chimanga chosakanikirana ndi chabwinobwino kudya. Vuto limabwera kwa amene amasunga mbewu yamakolo, chifukwa kusakanikirana kwa chaka ndi chaka kumachotsa zimene munaikondera, monga kulimba kwa njere posinja ndi kupirira anankafumbwe. Alimi ochulukitsa mbewu amatalikitsa munda wawo mamita 200 kapena kuposa kuchokera ku chimanga china. Ife minda yathu ndi yaing'ono ndi yogundana, ndiye mtunda wotere ndi wovuta. Chotheka ndi kusankha mbewu pakatikati pa munda, kusiya mizere ya m'mphepete kuti ikhale ya nsima. Padimba mutha kusiyanitsa kadzalidwe ndi mnzanu ndi masabata anayi kuti zisamasulire limodzi. Koma njira imene ine ndimailimbikitsa kwambiri ndi kukhala pansi ndi oyandikana nawo munda, mvula isanagwe, n'kugwirizana mtundu umodzi. Za haibridi ndiye musasunge n'komwe. Gulani mbewu yatsopano chaka chilichonse.

Maungu nkhani yake ndi ina, chifukwa mungu wake ndi wolemera, wonata, ndipo umadalira njuchi. Taonani pansi pa duwa: lachikazi lili ndi kadzungu kakang'ono, lachimuna lili pa kaphesi kowonda kopanda kanthu. Amayi, pothyola chiluwe cha ndiwo, tengani achimuna okha, ndipo musamalize onse. Maluwawa amatseguka m'mamawa, pofika masana atseka. Kupopera mankhwala nthawi imeneyi n'kupha antchito anu omwe. Ngati kupopera sikungapeweke, dikirani madzulo. Timaungu tikamangofota n'kuyoyoka, thyolani duwa lachimuna, chotsani masamba ake achikasu, ndipo mukhudzitse kamutu kake pakati pa duwa lachikazi dzuwa lisanatenthe.

Papaya wamwamuna, uja wa maluwa olendewera pa timaphesi tatitali, ambiri amamudula ati sabereka. N'zoona kuti zipatso mwa iye n'zosowa, koma mukadula onse m'mudzi, mitengo yaikazi imayamba kugwetsa maluwa. Siyani wamwamuna mmodzi pa mitengo yaikazi 10 iliyonse. Ngati wa pakhomo pa mnansi wanu ali pafupi, ameneyo akwanira. Kambiranani kuti asamudule.