Phunziro la Mwezi Uno: Nthaka Nayonso Imafuna Chofunda



M'mwezi wa Marichi 2023, namondwe wa Freddy anakokolola dothi lambiri m'boma lathu la Blantyre. Komabe dothi la m'timinda ta pakhomo kuno ku Chileka ndi ku Lirangwe limapita pang'onopang'ono chaka chilichonse. Dzuwa la Okutobala limawotcha nthaka yosaphimbidwa, mvula yoyamba ikagwa n'kutenga dothi lachonde la pamwamba. Nthaka ndi amana imene tinapatsidwa kuti tiisamalire ana athu, choncho tiphunzire kuifunditsa ndi mbewu zoyanga.

Mbewu zake ndi zomwe timazidziwa kale: khobwe, nkhungudzu, kalongonda, maungu ndi mbatata. Zimagwira ntchito zitatu.

Choyamba, masamba ake amatchinga dzuwa. Njere za chisoso ndi udzu wina zikasowa kuwala sizikula bwino, ndiye kupalira kumachepa.

Chachiwiri, khobwe, nkhungudzu ndi kalongonda ndi mbewu za gulu la nyemba. Mukazula chimodzi mudzaona timibulu ku mizu. Mmenemo mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso timene timakoka nayitirojeni mumpweya, chakudya chomwe timachigula mu feteleza wa Urea. Maungu ndi mbatata sizichita zimenezi, koma kuphimba zimaphimba ndithu.

Chachitatu, madontho a mvula amagwera pamasamba, madzi n'kulowa pansi pang'onopang'ono, chinyontho n'kukhalitsa.

Kadzalidwe kake:

1. Khobwe ndi maungu dzalani pamodzi ndi chimanga, m'mapando apakati.
2. Kalongonda ndi nkhungudzu dikirani chimanga chifike m'mawondo, mutapalira koyamba. Mukafulumira, zimayanga n'kugwetsa chimangacho.
3. Mukakolola musatenthe zotsalira. Ziyaleni m'munda kuti ziwolere momwemo, ndipo mbuzi zikhale pachingwe.
4. Sungani mbewu ya chaka chamawa.

Chenjezo: nyemba za kalongonda zili ndi poizoni. Zimafuna kuwiritsa nthawi yaitali ndi kutaya madzi kangapo, choncho ana asaziphike okha.

Ntchito ya ophunzira: pemphani makolo mizere inayi m'munda wa pakhomo. Iwiri mudzalemo khobwe pakati pa chimanga, iwiri ikhale chimanga chokha. Lembani kuti mbali iliyonse mwapalira kangati, ndipo pakapita masiku atatu mvula isanagwe, pisani chala m'dothi muone kumene kwatsala chinyontho. Zimene mupeze tidzakambirana m'kalasi teremu yachiwiri, Insha Allah.