Zithunzi za ku Lubumbashi

Munthu wochokera ku Kasungu akadzera pa Mchinji, napyola Chipata, Lusaka ndi Ndola, amafika pa malire a Kasumbalesa. Akaoloka pamenepo walowa m'dziko la Congo, ndipo mzinda waukulu umene ayamba kuupeza ndiwo Lubumbashi, m'dera la Katanga.

Mzindawu unamangidwa ndi Azungu a ku Belgium m'chaka cha 1910, nautcha Elisabethville, potsata dzina la mkazi wa mfumu yawo. Chimene chinawakokera kumeneko ndicho mkuwa wa m'nthaka. Kampani yotchedwa Union Minière, imene inayamba mu 1906, inakumba migodi, nimanga ng'anjo zosungunulira miyala. Antchito anachokera kutali: ku Northern Rhodesia, ku Kasai, ku Rwanda, ndi ena kuno kwathu, kumene nthawi imeneyo kunali kutchedwa Nyasaland. Dziko la Congo linalandira ufulu pa 30 June 1960, ndipo mu 1966 mzindawu unapatsidwa dzina la mtsinje wake, Lubumbashi.

Ana a kumeneko amaphunzira m'Chifalansa, ndipo m'mawa amalonjera mphunzitsi wawo ndi mawu akuti “Bonjour.” Koma kunyumba ndi kumsika ambiri amalankhula Chiswahili. Nsima yawo amaitcha bukari, ndipo amadyera chigwada kapena nsomba zouma. Amuna amanyamula matumba a makala panjinga, ndipo akazi amagulitsa matimati m'mbali mwa msewu, monga achitira amayi a pa Chinkhoma.

Mlendo wodza ndi kamera kawirikawiri amathamangira chumuni chachitali cha ng'anjo, ndi phiri lakuda la zotsalira za miyala yosungunulidwa limene lili pambali pake. Akajambula zimenezi abwerera kwawo, nati waona Lubumbashi. Koma waona chumuni chokha. Chithunzi sichinama, koma chimangoonetsa chimene wojambula anasankha. Zimene zinali kumbuyo kwake sizioneka.

Sammy Baloji, amene anabadwira mumzindawu mu 1978, anazindikira bwino mfundo imeneyi. Iye anapeza zithunzi zakale za nthawi ya Union Minière. M'menemo munali antchito akuda atandanda pamzere, ndi Azungu ovala zipewa akuwayang'anira. Zithunzizo sizinajambulidwe kuti zilemekeze antchitowo, ndipo ambiri a iwo maina awo sadziwika. Tsono Baloji anajambula nyumba za migodi monga zinalili m'masiku ake, zambiri zitagumuka ndi kuchita dzimbiri. Kenaka anatenga anthu a m'zithunzi zakale zija, nawaimika pakati pa mabwinjawo. Ntchito imeneyi, ya m'chaka cha 2006, anaitcha Mémoire, ndiko kunena chikumbukiro. Woiona amadzifunsa kuti, “Kodi anthu awa anali ayani? Nanga thukuta lawo linalemeretsa yani?”

Phunziro limeneli ndi la ku Kasungu komwe. Mlendo amaima pamsewu, najambula munda wobiriwira wa fodya, napita. Sanaone mayi amene anatunga madzi othirira nazale m'dzuwa la October, kapena agogo akusoka fodya m'chigafa kufikira mdima, kapena bambo akumanga mabelo. Komatu moyo wa mudzi uli m'ntchito zimenezi. Akulu anati, “Kuona maso a nkhono n'kudekha.” Wojambula wofulumira amaona chigoba chokha.

Chotero, ana inu, tsiku limene mudzagwira kamera, kapena foni yojambula, kumbukirani zinthu zitatu. Yambani mwalonjera munthu ndi kumpempha, pakuti nkhope ndi yake, akakana, mlekeni. Musanyoze ntchito wamba, monga kusinja, kupalira ndi kuphika, popeza zimenezi ndizo zidzukulu zanu zidzafuna kuona. Ndipo lembani dzina la munthuyo, mudzi wake ndi chaka, kuti asadzakhale wopanda dzina monga antchito a ku Katanga aja.

Mafunso

1. Kodi Lubumbashi anali kutchedwa chiyani kale, ndipo dzina linasintha liti?
2. Tchulani zinthu ziwiri zimene anthu a kumeneko afanana nazo ndi a kwanu.
3. Baloji anachita chiyani ndi zithunzi zakale?
4. Mutapatsidwa kamera tsiku limodzi, mungajambule ntchito iti ya m'mudzi mwanu? Fotokozani chifukwa chake.