Kodi Ana Athu Tidzawasiyira Chiyani?

Akhristu anzanga, maliro akatha timakonda kufunsa za nyumba, munda ndi ndalama zimene malemu asiya. Za chikhulupiriro chimene asiya, ofunsa ndi ochepa.

Pa 2 Timoteo 1:5, Paulo Woyera akukumbutsa Timoteo kuti chikhulupiriro chake chinayambira mwa agogo ake a Loisi ndi amayi ake a Yunisi. Anachipeza pakhomo.

Kuno ku Ntcheu nafenso tinachita kulandira. Mu 1901 ansembe atatu a chipani cha Montfort, a Bambo Bourget, Prézeau ndi Winnen, anafika ku Nzama kwa mfumu Njobvuyalema. Onsewo anatisiya kalekale, koma agogo athu anasamala mbewu imene anabzala mpaka yatifika ife.

Komatu lero ku Tilitonse ndikulandira ana a zaka 10 osadziwa chizindikiro cha mtanda. Makolo, ola limodzi la Lamulungu silokwanira. Mwana amaphunzira kupemphera akaona bambo ake atagwada. Amaphunzira chikondi akaona makolo akukhululukirana.

Sabata ino, musanagone, ikani foni pambali, mupemphere kolona pamodzi ndi ana.

Funso la ku mphakati: anakuphunzitsani kupemphera ndani, nanga inu mukuphunzitsa yani?